Sukulu Imene Sitsekera Tchuthi



Mwezi wa Disembala ukafika pakati, belu la kusukulu limakhala chete. Aphunzitsi amakhoma zitseko, ana amanyamula mabuku awo nabwerera kwawo, ndipo kwa milungu ingapo udindo wonse wa mwana umabwerera m'manja mwa makolo. Lero ndifuna tikambirane za mabanja ena amene kutsekera kotereku sakudziŵa, chifukwa sukulu yawo ndi nyumba yomwe amagonamo, mphunzitsi ndi mayi amene adawabala, ndipo desiki ndi tebulo lomwe amadyerapo. Mabanja otere ngochuluka m'dziko la United States of America, ndipo ena mwa iwo ngaakulu: ana asanu, asanu ndi atatu, ena mpaka khumi. Tsono nyengo ya zikondwerero ikafika, banja lotere limakhala bwanji? Amapumula ndani, ndipo amene sapumula ndani?

Kumene mwambowu udachokera

Kuphunzitsira ana pakhomo si chinthu chachilendo. Ku Epworth, m'dziko la England, kudali mayi wina dzina lake Susanna Wesley, amene adabadwa mu 1669 namwalira mu 1742. Mayiyu adabala ana 19, koma 9 mwa iwo adamwalira ali makanda. Otsalawo adayamba kuwaphunzitsa yekha. Mwana akakwanitsa zaka 5 ankayamba kuphunzira malembo, ndipo sukulu ya m'nyumbamo inkatenga maola 6 pa tsiku, atatu m'maŵa ndi atatu masana. Aŵiri mwa anawo tonse tidamvapo mbiri yawo: John Wesley, amene adayambitsa mpingo wa Methodist, ndi Charles Wesley, amene adapeka nyimbo zachikhristu zoposa 6,000. Mayi ameneyu mumsunge m'maganizo, chifukwa tibwereranso kwa iye.

Ku America, sukulu zaboma zitafalikira ndipo malamulo okakamiza ana kupita kusukulu atakhazikika, mwambowu udatsala pang'ono kutheratu. Udadzukanso m'zaka za m'ma 1970, ndipo adaudzutsa ndi anthu a maganizo osiyana. John Holt, mphunzitsi amene adalemba buku lotchedwa How Children Fail mu 1964, ankaona kuti mantha a kulakwa ndi kusekedwa amapha chidwi chimene mwana amabadwa nacho. Mu 1977 adayamba kusindikiza magazini ya makolo ophunzitsira ana pakhomo. Panthaŵi yomweyo Raymond Moore ndi mkazi wake Dorothy, a mpingo wa Seventh-day Adventist, adatulutsa buku mu 1975 lonena kuti mwana asamathamangitsidwe kusukulu akali wamng'ono kwambiri. Makolo ambiri opemphera adamva mau a banja la Moore nachotsa ana awo m'sukulu, ena mpaka kukaima nazo m'bwalo lamilandu. Pofika mu 1993, zigawo zonse 50 za dzikolo zidali zitavomereza kuti kholo lili ndi ufulu wophunzitsa mwana wake pakhomo.

Nthambi yaboma yoona za chiŵerengero cha ophunzira idapeza kuti mu 1999 ana ophunzira pakhomo adali pafupifupi 850,000, ndipo mu 2012 adali atafika pafupifupi 1.8 miliyoni. Mwa ana a mu 1999 aja, 6 pa 10 alionse ankachokera m'mabanja a ana atatu kapena kuposerapo, ndipo oposa theka ankakhala m'nyumba zimene kholo limodzi lokha ndilo linkapita kuntchito yolipidwa. Mliri wa Covid-19 utatseketsa sukulu mu 2020, mabanja ophunzitsira pakhomo adaŵirikiza kaŵiri m'miyezi yoŵerengeka, kuchoka pa mabanja 5 kufika pa 11 mwa mabanja 100 alionse okhala ndi ana a msinkhu wa sukulu.

Masiku 180

Kuti timvetse za Disembala, tiyenera kuyamba tamvetsa lamulo, pakuti chigawo chilichonse chili ndi lake. Ku Texas kholo limene mwana wake sadalembedwepo m'sukulu silikakamizidwa ngakhale kudziŵitsa boma. Ku Pennsylvania zinthu nzosiyana. Kumeneko kholo limalemba chikalata cholumbira chaka chilichonse, ndipo liyenera kuphunzitsa masiku 180, kapena maola 900 kwa mwana wa pulaimale ndi maola 990 kwa wa sekondale. Liyeneranso kusunga kaundula wa mabuku amene mwana waŵerenga ndi zitsanzo za ntchito yake. Chaka chikamatha, munthu wovomerezeka, kaŵirikaŵiri mphunzitsi wa satifiketi, amaona zonsezi ndi kucheza naye mwanayo. M'chaka chachitatu, chachisanu ndi chachisanu ndi chitatu cha sukulu mwanayo amalembanso mayeso ofanana ndi a anzake.

Masiku 180 ndi milungu 36 ya masiku asanu. Mayi wochenjera amayamba sukulu yake kumayambiriro kwa Ogasiti, ana a anzake akali patchuthi. Pofika kumapeto kwa Novembala amakhala ataphunzitsa milungu 16, ndiye kuti masiku 80. Atsala masiku 100, amene ndi milungu 20, pamene kuyambira Januwale mpaka kumapeto kwa Juni pali milungu pafupifupi 26. Mwaona tsono kuti mayiyu wadzigulira mpata. Angathe kupeputsa maphunziro mwezi wonse wa Disembala popanda kulakwira lamulo. Tchuthi cha banja lotere sichichokera kwa mkulu wa maphunziro ayi. Chimachita kusungidwa, monga momwe mlimi amasungira chimanga m'nkhokwe poganizira miyezi ya njala.

Mabanja ambiri satsekeratu. Amachotsa maphunziro olemera nasiya aŵiri okha, kuŵerenga ndi masamu, chifukwa kholo lililonse lophunzitsa lidaonapo kuti mwana wa zaka 7 akatha mwezi osagwira buku amabwerera m'mbuyo. Zotsalazo amazipeza m'ntchito za nyengoyo.

Phunziro la m'khitchini

Nyengo ya zikondwerero ku America imayamba pa Lachinayi lachinayi la mwezi wa Novembala, tsiku lotchedwa Thanksgiving, ndiye kuti tsiku lothokoza. Pulezidenti Abraham Lincoln adalengeza tsikuli mu 1863, nkhondo yapachiŵeniŵeni ili m'kati, ndipo nyumba yamalamulo idalikhazikitsa pa Lachinayi limeneli mu 1941. Chakudya chake chachikulu ndi nkhukundembo yootcha mu uvuni, mbatata, chimanga ndi chitumbuwa cha maungu.

Tiyeni tiyerekeze banja la ana asanu ndi atatu kumudzi wina ku Pennsylvania. Wamkulu ndi mtsikana wa zaka 16, wamng'ono ndi khanda loyamwa. Bambo amapita kuntchito, mayi ndiye mphunzitsi. Pamodzi ndi agogo ndi abale ena, pa tsikuli adya anthu 20.

Masamu amayamba mlungu wathunthu tsikulo lisanafike. Nkhukundembo ya makilogalamu 9 imagulidwa youma gwa ndi madzi oundana, ndipo kuti isungunuke bwino mufiriji imafuna tsiku limodzi pa makilogalamu aŵiri alionse. Mayi amafunsa mnyamata wa zaka 10 kuti, “Tiitulutse liti kuti Lachinayi ikhale yokonzeka?” Mnyamatayo akaphonya, palibe cholembera chofiira chimene chidzamdzudzule. Chidzamdzudzula ndi nyama yosapsa m'kati ndi maso a anthu 20 anjala. Mtsikana wa zaka 12 amapatsidwa pepala la kaphikidwe ka chitumbuwa chimodzi, koma zikufunika zitatu. Pepalalo likuti shuga akhale magawo atatu mwa anayi a kapu. Kuchulukitsa katatu, ndi makapu aŵiri ndi gawo limodzi mwa anayi. Ife amene tidaphunzira uphunzitsi timakumbukira mmene tinkavutikira kudula malalanje ndi mapepala kuti ana amvetse masamu a magawo. Mtsikanayu amawamvetsa ali ndi ufa m'manja, chifukwa akulaŵa zotsatira zake.

Mbiri nayo imaloŵa m'khitchini momwemo. Ana amamva za phwando la zokolola la mu 1621 ku Plymouth, pamene atsamunda ochokera ku England adadya pamodzi ndi eni nthaka a mtundu wa Wampanoag, amene adawathandiza kudziŵa kalimidwe ka chimanga. Kholo loona mtima limafotokozanso zimene zidatsatira: matenda, nkhondo ndi kulandidwa kwa minda ya eni nthakawo. Ndipo nanu omvera mungakondwe kudziŵa kuti chimanga ndi maungu amene tabzala m'minda mwathu mwezi uno, kwawo kwenikweni ndi kumaiko a America komweko. Mbeu zimenezi zidachita kuoloka nyanja.

Tsiku limodzi la mu Disembala

Disembala wa ku Pennsylvania ngosiyana kutalitali ndi wathu. Pamene ife tili ndi mvula, kutentha ndi minda yobiriŵira, kumeneko mitengo yambiri ilibe tsamba, madzi amaundana usiku, ndipo nthaŵi zina kumagwa chipale chofeŵa, choyera ngati ufa. Cha pa 21 Disembala usana umangopitirira pang'ono maola 9, ndipo dzuŵa limaloŵa 5 koloko isanakwane. Ndiye kuti anthu khumi amakhala otsekeredwa m'nyumba imodzi pafupifupi tsiku lonse. Palibe kunena kuti, “Kaseŵereni pabwalo mpaka madzulo.”

Mayi amadzuka kukali mdima, kuti apezeko mphindi zoŵerengeka za bata. Ana akadzuka, aliyense amayang'ana pepala la ntchito lomatidwa pakhoma. Wina apereka chakudya kwa nkhuku ndi kuswa madzi oundana m'chomwera chake, wina akolopa chipale pakhomo ndi fosholo, wina aveka wamng'ono, wina aika zovala m'makina ochapira. Makina ameneŵa salekeza kulira, pakuti anthu khumi ovala majuzi ndi masokosi ochindikala amadetsa zovala zambiri. Phala likatha, tebulo limapukutidwa nilisanduka sukulu.

Chinsinsi chophunzitsira ana a misinkhu isanu nthaŵi imodzi aphunzitsi a sukulu zazing'ono zakumidzi amachidziŵa bwino. Zimene zingaphunziridwe pamodzi, monga nkhani, nyimbo ndi mbiri, zimaphunziridwa pamodzi, ndipo mwana aliyense amafunsidwa funso la msinkhu wake. Zimene zimafuna makwerero, monga masamu ndi kuŵerenga, zimaphunziridwa payekhapayekha. Choncho ola loyamba onse amakhala pamodzi. M'mabanja achikhristu ino ndi nyengo ya Adiventi, masabata anayi oyembekeza Khirisimasi, ndipo patebulo pamakhala nkhata ya masamba yokhala ndi makandulo anayi. Lamulungu lililonse amayatsa kandulo imodzi yoonjezera. Mayi amaŵerenga mokweza, khanda lili pabere, wa zaka zitatu akukwaŵa pansi pa tebulo. Akatha amauza wa zaka 7 kuti afotokoze nkhaniyo m'mau akeake, wa zaka 12 kuti ailembe, wa zaka 16 kuti anene maganizo ake pa zimene wolembayo amatanthauza. Si mabanja onse amene ngachikhristu. Alipo Achiyuda amene nyengo yomweyi amayatsa nyale za Hanukkah masiku 8, alipo Achisilamu, aliponso osapembedza, ndipo aliyense amadzaza ola limeneli ndi zake.

Kenaka aakulu amatenga mabuku awo a masamu nakakhala pakona, pamene mayi akhala ndi wa zaka 6 amene akuphunzira kulumikiza malembo. Apa ndi pamene mavuto amayambira. Mkaka watayikira pa kope. Aŵiri akulimbirana pensulo. Khanda ladzuka nthaŵi isanakwane. Wa zaka 10 akufunsa funso limene mayi adaliiŵala kalekale, ndipo ayenera kunena poyera kuti, “Dikira, tifufuze limodzi.” Phunziro limene likadatha m'mphindi 20 limatha ola lathunthu. Komabe nthaŵi ya nkhomaliro isanakwane, mabuku amatsekedwa. Maphunziro a pakhomo amafulumira chifukwa palibe kuitana maina a ana 60 kapena kudikira kuti onse akhale chete.

Masana ndi nthaŵi ya ntchito zamanja. Ana amaphika mabisiketi oti akagaŵire anansi, amasoka, amasema, amalemba makalata ndi makadi a Khirisimasi kwa abale akutali. Kalata yopita kwa agogo ndi phunziro la chinenero lokwanira, pakuti muli kalembedwe, mipumiro ndi ulemu, ndipo amene ailandire ndi munthu weniweni amene adzayankha. Tsiku lina m'mlungu banja lonse limakwera galimoto yake yonga minibasi, ya anthu 12 kapena 15, kupita kulaibulale ya m'tauni kukabwereka mabuku odzaza dengu, kapena kukakumana ndi mabanja ena ophunzitsira pakhomo. Mabanja ameneŵa amapanga magulu othandizana, m'mene mayi wodziŵa sayansi amaphunzitsa ana onse sayansi, wodziŵa nyimbo naphunzitsa kwaya. Mu Disembala magulu otere amakonzekera seŵero la kubadwa kwa Yesu, ndiponso amakaimbira okalamba m'nyumba zosungiramo nkhalamba. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mabanja amene amapirira zaka zambiri ndi omwe adavomereza zimenezi msanga.

Thumba limodzi, ana asanu ndi atatu

Khirisimasi ya ku America ndi nyengo ya malonda, ndipo mwana aliyense amayembekeza mphatso. Banja lathu lija limadalira malipiro a munthu mmodzi, ndipo m'zigawo zambiri mabuku ndi zipangizo zonse za sukulu makolo amagula okha, ngakhale kuti zigawo zina, monga Arizona ndi Florida, zidayamba kuperekako ndalama zothandizira. Mwana aliyense atati agulire abale ake onse asanu ndi aŵiri, pangafunike mphatso 56. Nchifukwa chake mabanja ambiri aakulu amalemba maina pa timapepala naponya m'chipewa. Aliyense amatola dzina limodzi mwachinsinsi, ndipo mphatso zimangokhala 8. Wina amapatsidwa ndalama zoŵerengeka kuti akagule yekha, naphunzira kufananiza mitengo ndi kuŵerenga chenji. Wina amapanga ndi manja ake. Zovala ndi mabuku zimatsika kuchokera kwa wamkulu kufika kwa wamng'ono mpaka zitatheratu.

Pamenepa pali phunziro limene silili m'buku. Mwana amene watola dzina la mbale wake yemwe amakangana naye tsiku ndi tsiku ayenera kutha milungu itatu akulingalira chimene mbaleyo angakondwere nacho. Makolo sangathe kumuuza yankho, chifukwa nawonso sadziŵa dzina limene adatola.

Amene amasenza katundu

Mpaka pano mwina mukuti moyo umenewu ngokoma. Koma akuluakulu adati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Tiyeni tiing'ambe nkhuyuyo.

Mphunzitsi wa kusukulu akatsekera amapita kwawo kukapuma. Mayi uyu alibe kopita. Mu Disembala ntchito yake imaonjezeka, chifukwa pamwamba pa kuphunzitsa, kuyamwitsa ndi kulemba kaundula, pabwera kuphika kwa alendo, kukongoletsa nyumba ndi kuperekeza ana ku kwaya. Iyi ndi nyengonso ya chimfine. Matendaŵa akaloŵa m'nyumba ya anthu khumi amayenda mmodzimmodzi, ndipo angathe milungu itatu asanatuluke. Mayi akadwala yekha, palibe mphunzitsi wina wodzagwirizira malo ake. Bambo amene amaganiza kuti udindo wake umathera pa kubweretsa ndalama amagwetsa sukuluyo osadziŵa. Kumene zinthu zimayenda bwino, bambo akaŵeruka amatenga mbali yake: amaŵerengera ana nkhani madzulo, amaona masamu a aakulu, amasambitsa aang'ono.

Wachiŵiri wosenza katundu ndi mwana wamkulu, makamaka akakhala mtsikana. Iye ndiye amanyamula khanda mayi akamaphunzitsa, ndiye amaphika mayi akadwala. Kuthandiza pakhomo nkwabwino, ndipo ife kuno sitikusoŵa wotiuza zimenezi. Koma pali malire pakati pa kuthandiza ndi kusanduka mayi wachiŵiri. Mtsikana wa zaka 16 ali ndi masamu akeake ovuta ndi mayeso oloŵera kukoleji amene akumdikira. Disembala yense akathera kukhitchini, palibe mphunzitsi wakunja amene adzaone kuti mpando wake uli wopanda munthu. Ambiri mwa akuluakulu amene adakulira m'mabanja otere amayamikira ubwana wawo, koma alipo ena, makamaka ana aakazi oyamba kubadwa, amene amadandaula kuti adaphunzitsa azing'ono awo kuŵerenga pamene iwo eni adatsalira.

Apa ndi pamene Susanna Wesley uja ayenera kukumbukiridwa. Mwa malamulo a m'nyumba mwake mudali lakuti mwana wamkazi asaphunzitsidwe ntchito ya singano asanadziŵe kuŵerenga bwino. Mayiyu adaonanso kuti m'gulu la ana ambiri mwana mmodzi angathe kusoŵa osaonekera, choncho adapatula nthaŵi yamadzulo yocheza ndi mwana aliyense payekha mlungu uliwonse. Tsiku la John lidali Lachinayi. Zaka zoposa 300 zapita, koma nzeru ziŵirizi zikali zofunika m'banja lalikulu lililonse.

Palinso mayeso ena amene sadalembedwe m'lamulo. Achibale akasonkhana pa Khirisimasi, sipalephera kupezeka malume kapena agogo amene sadagwirizane nazo zochotsa ana kusukulu. Chakudya chili m'kati, amatembenukira kwa mwana nafunsa kuti, “Tandiuza, 7 kuchulukitsa ndi 8 ndi zingati?” Mwanayo amadziŵa kuti amene akuyesedwa ndi mayi ake. Akayankha bwino, nyumba imaseka. Akadodoma, mayi amagona ndi nkhaŵa usiku umenewo. Funso la malumewo limaŵaŵa, komabe lili ndi ntchito yake, chifukwa sukulu imene palibe wakunja woifunsa ingathe kusokera osazindikira.

Chitseko chotseka

Za zotsatira za maphunziro ameneŵa tiyenera kulankhula mosamala. Zitsanzo zabwino zilipo. David ndi Micki Colfax adalera ana aamuna anayi pa famu ya mbuzi pafupi ndi Boonville ku California, akuphunzira m'mabuku ndi m'ntchito yomanga nyumba ndi kuŵeta, ndipo atatu mwa iwo adakaloŵa yunivesite ya Harvard, woyamba mu 1983. Koma kafukufuku wambiri wonena kuti ana ophunzira pakhomo amakhoza koposa anzawo amachitika pa mabanja amene adadzipereka okha kuti ayesedwe, ndipo banja limene zinthu sizikuyenda silidzipereka.

Zoopsa nazonso zilipo. Mu Januwale 2018, mumzinda wa Perris ku California komweko, mtsikana wa zaka 17 adathaŵa pawindo naimbira apolisi. Iwo adapeza abale ake 12, ambiri mwa iwo ali ndi njala yoopsa, ena atamangidwa ndi unyolo. Nyumbayo idalembetsedwa kuboma ngati sukulu, koma palibe amene adapitako kukaona. Mu 2019 makolowo adalamulidwa kukhala m'ndende moyo wawo wonse, ndipo sangaganiziridwe zotuluka zisanathe zaka 25. Nkhani yotere ndi yapatalipatali, ndipo sichingakhale chilungamo kuŵeruzira nayo mabanja miyandamiyanda olera ana awo mwachikondi. Koma imationetsa ntchito ina imene sukulu imagwira mwakachetechete: tsiku lililonse munthu wamkulu amene si kholo amaona nkhope ya mwana.

Nchifukwa chake maiko amasiyana pa nkhaniyi. Germany amaletsa kuphunzitsira ana pakhomo. Britain amalola, pakuti lamulo lake la maphunziro la mu 1944 lidati mwana aphunzire kusukulu kapena mwa njira ina, ndipo lamulo la mu 1996 lidasunga mfundo yomweyo. South Africa adavomereza mu 1996, koma kholo liyenera kulembetsa mwana kuboma. Onseŵa akulimbana ndi funso limodzi: kodi ufulu wa kholo umathera pati, ndipo ufulu wa mwana umayambira pati?

Januwale

Chaka chatsopano chikaloŵa, mtengo wa Khirisimasi umatulutsidwa, alendo amapita, makalata othokoza amalembedwa, ndipo mayi amatsegula kaundula wake naŵerenga masiku otsala. Mlungu woyamba ngowaŵitsa mutu. Ana adazoloŵera kugona mochedwa, wa zaka 7 waiŵala zina, ndipo kunja kukali mdima ndi chisanu. Koma pamene mayiyo akulemba zimene zidachitika mu Disembala, amapeza kuti tsamba ladzaza: masamu a magawo, makalata khumi, mabuku atatu oŵerengedwa mokweza, nyimbo zoloŵezedwa pamtima, ndalama zoŵerengedwa bwino. Mabuku a sukulu adali otseka, koma ana adaphunzirabe, chifukwa padali munthu amene adakonzeratu kuti ntchito iliyonse ikhale ndi phunziro lake, ndipo adalipira ndi tulo take.

Omvera anzanga, sindikunena kuti muchotse ana anu kusukulu. Mabanja a ku America aja ali ndi malaibulale pafupi, magetsi, mabuku otsika mtengo ndi kholo limene lidamaliza sekondale. Kwathu kuno, kumene sukulu ya pulaimale idakhala yaulere mu 1994, belu likalira mu Januwale mwana aliyense akapezeke pampando wake, mtsikana ndi mnyamata yemwe. Koma m'milungu ya tchuthiyi nanunso ndinu aphunzitsi, kaya mufune kaya musafune. Mwana aŵerenge mizere ya m'munda ndi mapando a pamzere uliwonse, akuuzeni chimanga chimene chabzalidwa. Mtumeni kumsika, ndipo pobwera aŵerenge chenji pamaso panu. Alembere kalata agogo ake. Madzulo akuŵerengereni tsamba limodzi mokweza, ngakhale inuyo musadziŵe kuŵerenga, pakuti khutu lanu nlokwanira. Ndipo pogaŵa ntchito ya kupalira, kutunga madzi ndi kulera khanda, yang'anani mwana wanu wamkazi woyamba uja, muone ngati naye watsala ndi ola logwira buku lake.

 Ndikufunirani Khirisimasi yabwino ndi chaka chatsopano cha mtendere. Tsalani bwino.